Yankho kwa amalume: za mwana wanga, goloboyi wa Newcastle ndi ukonde wa pagolo

Uthengawu ndi wautali, ndiye amene bandulo yake ili pafupi kutha ayambe wagula ina. Ndikuyankha funso lija amalume anandiponyera pagulu lathu mu Ogasiti 2024, zipolowe zili mkati kuno ku England, ndipo akhala akulibwereza foni iliyonse: "Bwanji osangomubweza mwanayo kuno kwathu, komwe palibe womutukwanira khungu?" Nthawi ija ndinangoti tiona. Lero ndiyankhe bwinobwino. Koma mundilole ndizungulire kaye, monga ankachitira malemu bambo ndi chilimira. Iwo aja sankalunjika pamene pali utaka, ankayamba auzinga.

Ine ndimakhala ku North Shields, pamene mtsinje wa Tyne umathira m'nyanja yamchere, kum'mawa kwa mzinda wa Newcastle. Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Kunsi kwa tauniyi kuli gombe la asodzi lotchedwa Fish Quay, ndipo tsiku loyamba kufikako fungo lake linandigwetsa misozi, ndinangoona ngati ndatsikira kugombe kwathu m'mamawa alovi akutsitsa usipa. Ambiri simudziwa kuti Kamuzu, asanakakhazikike ku London, anagwirapo udokotala m'tauni yomwe ino nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ndiye Mmalawi woyamba kuzizidwa ndi mphepo ya kuno si ine ayi.

Tsidya lina la mtsinje kuli South Shields. Timawoloka pa sitima yaing'ono, ulendo wa mphindi zosakwana khumi. Kumeneko ndi komwe nkhani yanga ikuyambira. Kuyambira cha m'ma 1890 kunafika amuna ochokera ku Yemen, amene ankagwira ntchito yothira malasha m'ng'anjo za sitima zapamadzi, ntchito yotentha imene ambiri ankaikana. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ena mwa iwo anamira limodzi ndi sitima za Britain. Nkhondo itatha asilikali anabwerera kwawo n'kupeza ntchito zachepa, ndiye mkwiyo unagwera alendo. M'chaka cha 1919 kunabuka zipolowe m'madoko ambiri, ku South Shields, ku Cardiff, ku Liverpool. Ku Liverpool gulu linathamangitsa mnyamata wakuda, Charles Wotten, mpaka anafera m'madzi a padoko. Mu 1925 boma linaika lamulo loti amalinyero akhungu lakuda azilembetsa kupolisi ngati alendo, ngakhale ena anali nzika za ufumu womwewo. Pa 2 Ogasiti 1930 kunachitikanso ndewu yaikulu pamalo otchedwa Mill Dam, ndipo Ayemeni ena anamangidwa kenako n'kuthamangitsidwa m'dzikoli.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti tauni yomweyo pambuyo pake inadzatchuka kuti anthu ake amakhala bwino ndi anzawo. Ayemeni aja anakwatira akazi a komweko, ana awo anakulira m'misewu imodzi ndi ana a azungu, kusukulu limodzi, kumpira limodzi. Mzikiti wawo unamangidwa ku Laygate kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Ndiye mu Julayi 1977 kunachitika zimene okalamba a kuntchito kwanga amasimbabe mpaka lero. Munthu wina wopenta nyumba, Johnny Walker, amene ankaphunzitsa anyamata nkhonya, anakwera ndege mpaka ku America kukapempha Muhammad Ali kuti abwere adzathandize kusonkhetsa ndalama za makalabu a anyamata. Tangoganizani, mmisiri wa penti kukagogoda kwa katswiri wa dziko lonse! Ali anavomera. Anabwera, anayenda pa basi yosafolera pamwamba anthu atadzaza misewu, ndipo ukwati wake unadalitsidwa mumzikiti wa ku Laygate uja. Agogo ena amene ndimawasambitsa, mutu wawo unayamba kale kuiwala, dzina langa saligwira, koma ukangotchula Ali amakunga chibakera n'kuseka.

Taonani kuti amene anabweretsa Ali sanali nduna kapena bishopu. Anali munthu wa kalabu ya achinyamata. Apa ndifotokoze pang'ono, chifukwa kwathu zinthuzi timazimva ngati za mabungwe ogawa ma T-shirt. Kuno ntchito yosamalira achinyamata ndi ntchito ngati uphunzitsi, anthu amaipitira kukoleji. Lipoti lotchedwa Albemarle la mu 1960 ndi limene linakankha boma kuti limange nyumba zochezeramo achinyamata ndi kuphunzitsa anthu oziyang'anira. Mwana akaweruka kusukulu amapita kumeneko mwa kufuna kwake, kukasewera, kudya kenakake, kucheza ndi munthu wamkulu amene si kholo lake, si mphunzitsi wake, si wapolisi. Poyamba maganizo a akuluakulu anali akuti ana a alendo angolowa m'makalabu omwe alipowo n'kusungunukamo ngati mchere m'ndiwo. Sizinatheke. Ana akuda ambiri ankafika pakhomo n'kubwezedwa ndi maso okha. Ena anayamba zawozawo. Ku Southall, ku London, mnyamata wa zaka 18, Gurdip Singh Chaggar, atabayidwa mu Juni 1976, anzake anakhazikitsa Southall Youth Movement kuti azidziteteza okha. Chaka chomwecho kunayambika Rock Against Racism, ndipo mu Epulo 1978 khamu la achinyamata, akuda ndi oyera, linasonkhana ku Victoria Park. Zimenezo ndi nkhani zazitali, tidzazikamba tsiku lina.

Ine mtima wanga uli pa mpira, chifukwa ndi pamene mwana wanga anapwetekera.

Inu amene mumaonera Premier League m'mavidiyo sho a pamsika, mukumaona anyamata akuda ali mbwee timu iliyonse, mwina mumaganiza kuti zinali choncho kuyambira kale. Ayi ndithu. Wakuda woyamba kusewera mutimu yaikulu ya England anali Viv Anderson, mu 1978. Cyrille Regis atasankhidwa, wina anamutumizira chipolopolo m'kalata. John Barnes ankamugenda ndi nthochi, ndipo chilipo chithunzi cha mu 1988 akuchotsa nthochi pabwalo ndi chidendene. Kuno ku Newcastle a chipani cha National Front ankagulitsa nyuzipepala zawo panja pa bwalo la St James' Park, kusaka anyamata oti awakope. Ankadziwa chimene ankachita. Msodzi amapita kumene nsomba zimasonkhana, ndipo anyamata a kuno amasonkhana kumpira.

Mu 1995 Kevin Keegan anagula goloboyi wina kuchokera ku Reading, dzina lake Shaka Hislop. Anabadwira ku London, anakulira ku Trinidad, anaphunzira uinjiniya ku Howard University ku America. Munthu wasukulu zake, wofatsa. Tsiku lina usiku anaima pamalo omwetsera mafuta pafupi ndi bwalo lija. Akuthira mafuta m'galimoto, gulu la anyamata linayamba kumukuwiza, kumutukwana mawu aja timawadziwa tonse. Akuyandikira, mmodzi anamuzindikira: uyu ndi goloboyi wathu uja! Pompo matukwana anatha. Anyamata omwewo anathamangira kwa iye kukapempha kuti awasainire.

Nkhani imeneyi ndaiganizira mausiku ambiri ndili pa shifiti, okalamba atagona. Khungu linali lomwelo, munthu yemweyo, dzanja lomwe amati liwasainirelo ndi lomwe amalitukwana mphindi yapitayo. Chinasintha n'chiyani? Anangodziwa dzina lake basi. Mbali ina zimandipatsa chiyembekezo, chifukwa zikusonyeza kuti tsankho la ana ambiri ndi lobwereka, ali nalo ngati jekete la mkulu wawo, silinamere mizu. Koma mbali ina zimandiwawa. Nanga amene alibe dzina? Nanga wosamalira okalamba akuchokera kuntchito 6 koloko m'mawa? Nanga mwana wanga? Ife palibe amene adzatizindikire pakati pa matukwana n'kutulutsa cholembera.

Hislop naye anaziona choncho. Anaganiza kuti ngati kutchuka kungatseke pakamwa pa mwana kwa mphindi imodzi, mwina kungatsegulenso makutu ake. Nthawi imeneyo kunali munthu wina wa dera lino, Ged Grebby, amene ankatumiza mabuku olimbana ndi tsankho m'masukulu. Hislop anapereka mapaundi 50 ndi lonjezo loti azipita yekha kukalankhula ndi ana. Mu Januwale 1996 bungwe la Show Racism the Red Card linabadwa, dzina lake kutanthauza kuonetsa tsankho khadi lofiira, monga amachitira oimbira mpira. Anayamba kuyenda m'masukulu a kuno, Hislop ndi mnzake wa timu imodzi, mzungu, John Beresford. Ndipo Beresford sankabisa kuti ali mnyamata naye ankakuwa nawo zonyozazo pabwalo, osadziwa chimene akuchita. Kwa ine ameneyo ndiye anali ndi mankhwala enieni. Mwana wotukwana akamva wakuda akudandaula amatha kungoti pepani. Koma akamva mzungu mnzake, katswiri amene chithunzi chake chili kuchipinda kwake, akunena kuti "inenso ndinali ngati iwe," alibe pothawira.

Musaiwale kuti zonsezi zinkachitika dziko likadali ndi bala la Stephen Lawrence, mnyamata wa zaka 18 amene anaphedwa akudikira basi ku Eltham pa 22 Epulo 1993. Omupha anali anyamata anzake, a msinkhu wake. Mandela anakumana ndi makolo ake patangopita masabata ochepa. Lipoti la Macpherson la mu 1999 linanena poyera kuti tsankho linali m'kachitidwe ka polisi yeniyeniyo, ndipo awiri mwa akuphawo anadzapezeka olakwa mu Januwale 2012, patatha zaka pafupifupi 19. Mayi wake anadikira nthawi yonseyo. Ndikamuyang'ana mwana wanga akuthamangira basi, nkhope ya mayi ameneyo imandibwerera.

Bungwe la Hislop lija lilipobe, likuyenda m'masukulu a England, Scotland ndi Wales, ndipo mwezi wa Okutobala kumakhala tsiku loti ana avale zofiira. Koma ndinene zoona zanga, amalume. Kuvala zofiira tsiku limodzi pachaka sikunamuteteze mdzukulu wanu. Mnyamata amene anamuchita chipongwe anali atavalapo zofiirazo.

Zinali chonchi. Mwanayu anafika kuno mu 2022 ali ndi zaka 11, Chingerezi chake chili cha ku pulayimale kwathu, koma mwendo wamanzere uli bwino, uja anauphunzira pamchenga ndi mpira wa mapepala. Analowa kalabu ina ya achinyamata ya m'dera lathu, imene inkatsegula katatu pasabata. Chaka chotsatira, tsiku lina anabwera kunyumba milomo itatupa, osalankhula, nsima osaikhudza. Amayi ake atamukakamiza ndi pamene anaulula. Mnyamata wina, atalandidwa mpira kawiri, anayamba kulira ngati nyani kumbuyo kwake, anzake n'kumaseka. Wathuyu anaponya chibakera, winayo anabweza. Anandiuza kuti, "Adadi, kumpira sindidzapitanso." Abale, ine ndaonapo mwera utatigwira pakati pa nyanja ndili ndi zaka 14, bambo akukapa madzi ndi chigubu chodula, koma mantha a usiku umenewo anali amtundu wina. Mwera umauona kumene ukuchokera.

M'mawa ndinapita kukalabuko nditakonzeka kukalalata. Ndinapeza mayi amene amayang'anira anawo, mzungu wa zaka za m'ma 50, wagwira ntchitoyi kuyambira ali mtsikana. Ndinamuuza kuti mnyamatayo amuchotse. Anandiyankha modekha kuti zimene anachitazo ndi tsankho, sazitchula dzina lina, ndipo wamuimitsa masabata awiri, makolo ake auzidwa. Koma kumuchotseratu anakana. Anati, "Ndikamuthamangitsa pano, ndikudziwa amene akamulandire. Ali kale pafoni yake." Ndinatuluka nditakwiya. Ndinkaona ngati akukondera wakwawo.

Zimene anachita pambuyo pake sizinali zoti n'kujambula pa TV. Anakhala ndi mnyamatayo payekha kangapo, kumufunsa kumene anazimva, chimene amaganiza kuti zimatanthauza. Anakhalanso ndi aja ankasekawo, chifukwa iye amati oseka ndi amene amapatsa wotukwana mphamvu. Wathuyu sanamukakamize kukhululuka, sanawagwiranitse chanza pamaso pa anthu monga timachitira kwathu kuti nkhani ithe msanga. Anangomufunsa chimene akufuna kuti abwerere, iye n'kunena kuti asamuike timu imodzi ndi mnyamatayo. Anatero kwa miyezi iwiri.

Kenako tsiku lina mayiyo anandiimbira. Anati ukonde wa pagolo wang'ambika, ndalama yogulira wina palibe, ndipo wamva kwa mwana wanga kuti ndine mwana wa msodzi. Ndinapita Loweruka. Ndinapezako mdala wina, manja ake okhakhala ngati a bambo, atagwira kale chosokera ukonde. Anali agogo ake a mnyamata uja. Anagwira ntchito m'maboti a nsomba a pa Fish Quay zaka zambiri, mpaka usodzi wa kuno unafooka. Mayi uja anachita dala, ndinazindikira pompo, ndipo ndinatsala pang'ono kubwerera. Koma ndinayang'ana mfundo imene mdalayo ankamanga, ndipo inali yomwe ija bambo anandiphunzitsa pansi pa mtengo kugombe, ndikulira kuti zala zikuwawa. Yomweyo ndendende. Ndinatenga mbali ina ya ukonde n'kuyamba. Tinasoka pafupifupi ola lathunthu osalankhulana, ana atatizungulira. Kenako anandifunsa kuti kwanuko mumapha nsomba zanji. Ndinamuuza za usipa, mmene siginala amapitira patsogolo ndi nyali usiku wopanda mwezi, nsomba n'kumatsata kuwala. Sanakhulupirire kuti nyanja yopanda mchere ingakhale ndi mafunde ogubuduza bwato, mpaka ndinamuonetsa vidiyo ija achimwene anatumiza chaka chatha. Iye anandiuza za anzake amene anapita kunyanja osabwerako. Ndinamuuza za athu. Mdzukulu wake anali chiimire pambali, akumva zonse.

Sindikunena kuti ukonde unachotsa tsankho, ayi, musandinamizire potumiza uthengawu. Mdalayo sanapepese, ndipo sindikudziwa zimene amalankhula kunyumba kwake. Mnyamatayo ndi mwana wanga si mabwenzi. Koma amasewera timu imodzi tsopano, amapatsirana mpira, ndipo kulira kwa nyani sikunamvekenso.

Tsono tifike pa Ogasiti 2024. Pa 29 Julayi ana aakazi atatu anaphedwa ku Southport. Bodza linafala pa intaneti kuti wakuphayo ndi Msilamu wongofika kumene pa boti, pamene anabadwira ku Cardiff. Zipolowe zinabuka m'matauni ambiri. Kuno kwathu zinafika ku Hartlepool, ku Sunderland pa 2 Ogasiti, ku Middlesbrough pa 4. Ku Sunderland anaotcha ofesi yothandiza anthu ovutika, ena analunjika kumzikiti. Ife tinatseka makatani, mwana sanatuluke masiku asanu, ine kuntchito ndinkapita pa takisi. Pakati pa omangidwa panali ana a zaka 12. Mkulu woona za ufulu wa ana ku England, Rachel de Souza, atacheza ndi ena mwa anawo, anapeza kuti ambiri sanapite chifukwa cha ndale ayi. Ena anangotsatira gulu kuti akaone, ena ankafuna zosangalatsa, ena anali ndi mkwiyo ndi apolisi. Ndiye kuti ana opanda kopita madzulo. Ndipo apa mpamene pali nkhani. Kuyambira 2010 ndalama zimene makhonsolo a ku England amaika pa ntchito za achinyamata zatsika ndi magawo pafupifupi 70 pa 100 alionse, malinga ndi kuwerengera kwa bungwe la YMCA, ndipo makalabu mazanamazana atsekedwa. Nyumba zija zinamangidwa pambuyo pa 1960 zina ndi mashopu tsopano. Ukasiya kusoka ukonde zaka khumi, usadabwe nsomba zikamatulukira pansi.

Usiku wa zipolowe za ku Sunderland, mayi uja anatsegula kalabu ngakhale silinali tsiku lake. Anaimbira anyamata amene ankawakayikira mmodzimmodzi, anagula pitsa ndi ndalama ya m'thumba mwake, n'kuwasunga mpaka usiku. Mnyamata uja anali m'gulu la amene anabwera. Akanapanda kutero akanapita kuti, sindinganene. Ndimangodziwa kuti sitima ya Metro yopita ku Sunderland imayenda madzulo onse. M'mawa mwake anthu a ku Sunderland anatuluka ndi matsache kukasesa misewu yawo, ndipo pa 7 Ogasiti anthu ambirimbiri anaima mumsewu ku Newcastle kuteteza malo amene ankaopsezedwa.

Amalume, mumati kwathu palibe womutukwana. Pakhungu mwina n'zoona. Koma ine ndikukumbukira Atonga aja ankabwera kudzamanga misasa pagombe pathu nyengo ya usipa, mmene ife ana tinkawatsatira m'mbuyo tikuyeserera kalankhulidwe kawo, akuluakulu n'kumaseka. Ndikukumbukira mnzathu wachialubino amene anasiya sukulu sitandade 5 chifukwa cha mayina amene tinkamupatsa. Ndinali nawo m'gulumo, ineyo. Panalibe wondikhazika pansi n'kundifunsa kuti ndazimva kuti. Ndipo achimwene amene anabwera pa basi kuchokera ku Joni mu 2015, atasiya katundu yense ku Durban, anathamangitsidwa ndi anthu akhungu ngati lawo lomwe.

Ndiye yankho langa ndi ili: mwanayu sabwera panopa. Ndinamufunsa mwini wake, osati kamodzi. Akuti akufuna kudzacheza pa holide, adzadye chambo chenicheni ndi kuona manda a agogo ake, koma timu yake ili pa nambala 3 ndipo sangaisiye pakati pa sizoni. Kalabu ija tsopano ikutsegula kamodzi kokha pasabata, Lachinayi, ndalama zinachepanso, ndipo mayi uja akuti apuma chaka chamawa. Amene adzalowe m'malo mwake sanapezeke. Ine ndalembetsa kuti ndizithandiza Lachinayi lililonse ndikakhala kuti sindili pa shifiti, mapepala a kupolisi oti ndingagwire ntchito ndi ana atuluka sabata yatha.

Achimwene, alamu akamabwera mu Disembala muwapatsire chosokera ukonde cha bambo chija, chamtengo chija chili m'chitini pamwamba pa kabati. Mdala uja akufuna kuchiona, akuti zawo zonse ndi zapulasitiki masiku ano. Muikemonso usipa wouma pang'ono, koma muumange bwino, wa ulendo watha uja unanunkhitsa sutikesi yonse.